Mitengo ya Golo ya Che Bwanali

Ndinali mtsikana wa zaka ngati khumi pamene ndinaona bambo anga akuzula mitengo imene anadzala okha. Tinkakhala ku Keko, mu Dar es Salaam, dzikolo litangolandira kumene ufulu. Ife ochokera ku Malawi ankatitchula kuti Anyasa, ndipo Anyasafe tinali ndi timu yathu ya mpira.

Ndati yathu, koma ndawonjezera. Mpira unali wa Che Bwanali, mwini shopu ya ukalipentala komwe bambo ankagwira ntchito. Majezi obiriwira anagula ndi iwo, amayi n'kumachapa Lolemba lililonse, ine n'kumayanika. Timu ikamawoloka kukasewera ku Kigamboni, olipira pantoni, bwato lowolotsa anthu, anali iwo omwewo. Tsono mwini zonsezi ankasankhanso osewera. Pagolo anaikapo mwana wa mlongo wawo, Yusufu, mnyamata waulemu kwambiri koma wa manja obooka ngati lichero lakale.

Chaka chimenecho tinagonja mpaka kuzolowera. Masapota anatopa, ndipo Lamulungu lina masana anasonkhana pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi bwalo, Asilamu ndi Akhristu omwe. Bambo sanali munthu wolankhulalankhula, koma tsikulo anaimirira.

"Timu ndi ya anthu," anatero. "Che Bwanali azitithandiza, koma asamatisankhire goloboyi."

Anthu anawomba m'manja, makamaka a Lameki, kondakitala wa basi wa mawu aakulu. A Lameki anakuwa kuti Che Bwanali achoke basi, ena n'kuvomereza. Ine ndinabwerera kunyumba ndikuyenda monyada.

Che Bwanali sanakalipe. Lolemba anatuma munthu kudzatenga majezi pachingwe chathu, akadali onyowa. Loweruka m'mawa anafika okha pakhomo, atavala kanzu, mkanjo wawo woyera, n'kulonjera bambo m'Chiswahili.

"Fundi, habari za asubuhi? Ndamva kuti timu ndi ya anthu. Sawa, chabwino. Koma mitengo ya golo ija ndi yanga. Tengani mkokoteni mukaizule, ibwere kushopu."

Mitengoyo anaipala ndi bambo, kuipaka penti yoyera ndi kuidzala ndi manja awo. Bambo anayang'ana amayi, anayang'ana ife ana anayi titakhala pamkeka ndi makapu a tiyi. Akanakana, ntchito ikanathera pakhomo pomwepo. Anatenga khasu, n'kuyamba kukankha mkokoteniwo, ngolo yamanja, kulowera kubwalo.

Amayi anandituma kukawapatsa madzi. Dzuwa linali litakwera, mchenga ukuwotcha kumapazi, malaya a bambo atamatirira pamsana. M'mphepete mwa bwalo munaima anthu omwe aja anawomba m'manja, manjawo tsopano ali m'matumba.

"Lamulungu lija munalankhula ngati mwamuna," anatero a Lameki, "lero mwasanduka bulu wa tajiri, mwini chuma."

Ndinachita manyazi kwambiri, ndinalakalaka nditalowa m'dzenje lomwe ankakumbalo. Bambo anamwa madzi, n'kupukuta pakamwa.

"Bweretsani mitengo ina, a Lameki. Ndidzaipala Lamulungu, osandipatsa kanthu."

A Lameki anayang'ana nsapato zawo.

Bambo anaidikira mitengoyo milungu yambiri. Sipanabwere ngakhale msomali. Anyamata anayesa kuika miyala m'malo mwa golo, n'kumasewera osavala malaya, koma chigoli chilichonse chinkathera pa mkangano woti mpira wadutsa pamwamba kapena ayi. Matimu ena anasiya kubwera, ndipo osewera athu abwino anayamba kupita ku timu ya ku Magomeni. Pomaliza akuluakulu anagula tambala n'kupita kwa Che Bwanali kukapepesa, ati anthu anangotengeka ndi mawu a munthu mmodzi. Munthu mmodziyo ankamudziwa aliyense.

Loweruka lotsatira bambo anapatsidwanso mkokoteni womwe uja. Anakumba m'maenje akale, n'kudzalanso mitengo yomwe ija. Yusufu anabwerera pagolo, majezi anabwerera pachingwe chathu. Madzulo ake a Lameki ndiwo ankatsogolera nyimbo yotamanda Che Bwanali.

Pobwerera, ngolo ili yopanda kanthu, bambo anandikweza. Ndinawafunsa ngati zimene ananena pansi pa mango zija zinali zabodza.

"Zinali zoona, mwanangu," anatero. "Koma usanauze munthu kuti achoke, uziyamba waona chimene achoke nacho."

Ntchito sinawathere, anakalambira pashopu pomwepo. Koma kubwalo sanapondenso, ndipo pamsonkhano uliwonse, ngakhale wa kutchalitchi, ankakhala kumbuyo ali chete. Bambo amene anaimirira pansi pa mango sindinawaonenso.

Lero ndakalamba. Ndimamva pa wailesi masapota a matimu akuluakulu akukuwa kuti mwini timu achoke, ndipo sindiwatsutsa, nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Kungoti zimanditopetsa. Ndimatsitsa wailesi n'kudzifunsa kuti mitengo ya golo ndi ya yani, ndipo amene atumidwe kukaizula Loweruka ndi bambo ake a ndani.