Nsapato Sizigona M'nyumba

Zaka makumi atatu ndi zinayi Mayi Sumie Nonaka anaphikira ana asukulu m'tauni ya Biei, ndipo zaka zonsezo zenera la kukhichini linkawaonetsa chinthu chimodzi: phiri la Tokachi likufuka utsi wake woyera. Potsuka mpunga, maso ali kuphiri. Posenda mbatata, maso ali kuphiri, moti chala chawo china chili ndi chipsera cha mpeni chifukwa cha phiri lomwelo. Anzawo ankawaseka kuti, "Mayi inu, kodi phirilo linakulonjezani ukwati?" Iwo ankangoti, "Sekani. Tsiku lina ndidzakaliponda pamutu."

Mayi ameneyu ndi wadongosolo loopsa. Palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene anatsegulapo m'mimba ndi chakudya chawo, ndipo nkhani imeneyi amaikamba ngakhale kwa munthu amene sanafunse. Koma pagona mtima wawo ndi pa nsapato. Kwathu kuno aliyense amavula nsapato pakhomo, inde, koma iwo anapyola muyeso. Nsapato ikavulidwa itembenuzidwe, mphuno yake iloze kunja, ziime ziwiriziwiri ngati ana pamzere wa chakudya. Amuna awo, Bambo Ikuo, amene ankayendetsa galimoto yonyamula mkaka, phunziro limeneli linawakana. Akafika pakhomo nsapato ina imagwa uku, ina uko, eni ake ali kale pampando. Chikwatiranecho mayiwo akhala akuwerama, kutola, kutembenuza, kwinaku akung'ung'udza.

Pali kankhani kena kamene sakonda kuti kamveke. Mapazi awo ndi aakulu. Kuyambira ali mtsikana nsapato amagula kumbali ya abambo, akunamizira kuti n'za mchimwene wawo. Tsono Bambo Ikuo ndi kamunthu kakafupi, kowonda, ndipo banja limeneli phazi ndi limodzi, moti mwana wawo Natsu ali wamng'ono sankasiyanitsa za mayi ndi za bambo. Mukafuna kugona ndi njala kwa a Nonaka, katchuleni zimenezi.

Atapuma pantchito, anzawo a kukhichini anawagulira jombo zachikopa zokwerera mapiri. Mayi Nonaka anazilandira ngati khanda. Madzulo aliwonse ankazipaka mafuta a akavalo, omwe aja amadzola m'manja akang'aluka ndi chisanu, mpaka chikopa chinafewa n'kumanyezimira. Nawonso Bambo Ikuo anadabwitsa anthu. Anasiya fodya, n'kumakwera masitepe a kukachisi m'mawa uliwonse kwa miyezi isanu, akupumira m'mwamba. Ankati akungoperekeza, koma mapu a phirilo anali atawaloweza kuposa mwini ulendo.

Kenaka bondo la mayiwo linayamba kulira ngati chitseko chakale. Dokotala anati alichita opaleshoni mu Novembala.

"Nanga phiri?" anafunsa Mayi Nonaka.

"Ngati n'kukwera, kwerani chitsulo chisanalowe m'bondomo. Pambuyo pake, Mayi, phiri muzidzalionera pazenera."

Pazenera! Mawu amenewo anawalasa mumtima. Mwezi wa Seputembala unali kumapeto, ndipo chipale chofewa chikangogwa pamwamba paja, njira imatsekeka kwa anthu a msinkhu wawo. Anatsala ndi Loweruka limodzi basi.

Lachisanu masana anafika pamalo omanga matenti patsinde pa phirilo, mayiwo mtima uli dyokodyoko ngati mwana wopita kuchikondwerero. Timabelu tothamangitsira zimbalangondo tinkalira pazikwama zawo, ngwe-ngwe-ngwe, kuchokera pagalimoto mpaka pakapinga. Tochi, wezulo, mpeni, chitini cha tsabola wopopera chimbalangondo, chilichonse chinali chomangidwa kuchikwama ndi ulusi wofiira kuti chisatayike. Ngakhale magalasi a Bambo Ikuo anali pa ulusi.

Woyang'anira malowo anali Bambo Murakoshi, mkulu wa mawu ngati lipenga, amene anakalambira m'nkhalango ndipo Loweruka lililonse amakwera phirilo kukaona zingwe ndi zikwangwani za m'njira. Mkuluyu amayankhula ndi aliyense ngati akuyankhula ndi mwana wa sitandade wani.

"Tamverani! Chakudya sichigona m'tenti. Chonse m'bokosi lachitsulo lija. Kuphika, kutali uko. Zotsala musakwirire, chimbalangondo chili ndi mphuno kuposa apongozi anu."

Mayi Nonaka anangomwetulira. Munthu ameneyu akuphunzitsa ndani? Atatha kudya mpunga ndi msuzi wa soya wotchedwa miso, anatsuka miphika kawiri, n'kunyamulira kubokosi lija chakudya, sopo, mankhwala otsukira mano, ngakhale epuloni imene anaphikira. Kenaka anapisa m'matumba mwa amuna awo n'kutulutsa maswiti atatu.

"Ha! Anthu onse akanakhala ngati inu, ine ndikanatha ntchito," anatero Bambo Murakoshi. Koma maso awo anagwera pakhomo la tenti, pamene panaima jombo zinayi pamzere, mphuno zoloza kunja. "Izo ndiye ayi. Lowetsani m'kati."

"M'kati muti?"

"M'tenti, Mayi. Kuno kuli nkhandwe ina yakuba nsapato. Chaka chino chokha yatenga khumi ndi zinayi."

"Bambo Murakoshi, pepani, koma tentiyi lero ndi nyumba yanga. Mogona munthu simulowa nsapato. Amayi anga atamva angatembenuke kumanda."

"Zikulungeni m'pepala, nanga!"

"Nsapato ndi nsapato, olo muiveke mkanjo wa kimono."

Bambo Ikuo anakhosomola pang'ono. "Amake Natsu, mwina mkuluyu akudziwa zimene..."

"Inu ndiye musayankhuleko za nsapato, Bambo a Natsu. Simunaimikepo ndi imodzi yomwe."

Bambo Murakoshi anapukusa mutu. "Wakutsina khutu ndi mnansi," anatero, n'kumapita.

Kunja kutangoyamba kuyera, Mayi Nonaka anatsegula zipi ya tenti n'kusuzumira. Kumwamba kunali mbee, popanda ndi kamtambo komwe, nsonga ya phiri itafiira ndi dzuwa. "Bambo a Natsu, dzukani! Phiri latiyembekeza! Taonani, abale, latiyembekeza!" Anatambasula dzanja osayang'ana kuti atenge jombo. Dzanja linagwira imodzi. Linapapasa uku ndi uku, linangopeza udzu wozizira. Pamzere paja panatsala jombo imodzi yokha, ya mayiwo, yakumanja. Pachisanu choyera cha paudzu panali timapazi ting'onoting'ono ndi mkwekwe wolowera m'nsungwi zazifupi za kuseri kwa matenti.

"Mayo ine! Wakuba! Zitatu zapita!"

Apa ndi pamene munthu wadongosolo uja anataya mutu. Mwendo wina m'jombo, wina m'sokosi, anauyatsa ulendo wa kunsungwi, bondo lodwala lija ataliiwala. Belu analibe, tsabola analibe, wezulo anatsala paulusi wake wofiira.

"Imani pomwepo!" Mawu a Bambo Murakoshi anadzutsa matenti onse. Anabwera akuthamanga n'kuwatsekera kutsogolo. "Mukupita kuti? Dzana lomweli ndinapeza ndowe za chimbalangondo kuseriko zikufuka nthunzi. Mukalowa mwakachetechete choncho mukakumana nacho maso ndi maso. Jombo timagula, Mayi. Inuyo tikakugulani kuti?"

Mayi Nonaka anaima, mpweya uli wefuwefu. Mkulu uja anawavulitsa jombo yotsalayo n'kuinunkhiza.

"Mwapakamo chiyani umu?"

"Mafuta a akavalo."

"Mafuta a akavalo! Mankhwala a mano munatsekera m'bokosi lachitsulo, koma ndiwo yeniyeni mwaiyala pakhomo, yoloza kunja kuti mlendo asavutike kunyamula!" Anaseka mpaka kugwira mawondo, kenaka anasiya ataona nkhope ya mayiwo. Anakatenga kabokosi ka nsapato zimene amatola m'tchire. Munali patapata, kansapato ka mwana, silipasi yodyedwa theka, zonse imodziimodzi. Munalibe choti munthu angakwerere phiri.

Mayi Nonaka anakhala pansi paudzu wonyowa. Manyazi anawagwira, koma chisoni chinaposa manyazi. Sitolo ya nsapato inali kutali, ndipo munthu wa bondo ngati lawo akachedwa kunyamuka, mdima ukamupeza m'miyala. Mawa kunali kolosedwa chipale chofewa. Zaka makumi atatu ndi zinayi, n'kudzagonja kwa kankhandwe! Analira mosabisa, ngati mwana.

"Komatu chikundidabwitsa n'chimodzi," anatero Bambo Murakoshi akukanda chibwano. "Nkhandwe yonyamula zitatu ulendo umodzi sindinaionepo."

Bambo Ikuo, amene nthawi yonseyi anali pakhomo la tenti, analowa chokwawa. Anatuluka atafungatira jumbo, maso ali pansi. M'jumbomo munali jombo zawo zonse ziwiri.

"Ndinazilowetsa inu mutagona," anatero ndi mawu a munthu wogwidwa ndi nkhuku m'manja. "Ndimati ndizibweza musanadzuke, koma tulo tinandipitirira."

Misozi ya mayiwo inauma nthawi yomweyo. "Munaziika pati?"

"Ndinatsamira."

"Munatsamira nsapato? Pafupi ndi mutu wanga? Bambo a Natsu!"

"Zanuzo ndinazigwira n'kuzisiya. Ndinaopa. Ndinati mukadzuka n'kupeza jombo zanu m'nyumba, ukwati utha." Anayang'ana jombo yotsala ija. "Ndikanalimba mtima, zikanapulumuka zonse."

Kenaka anagwada n'kuziika patsogolo pa akazi awo. "Valani. Phazi ndi limodzi, tonse tikudziwa, ngakhale sitiloledwa kunena."

"Nanga inu? Masitepe aja? Fodya uja?"

"Langa bondo lili bwino, phiri silisamuka. Ndidzakwera chaka chamawa. Tsiku lanu ndi lero." Anatembenukira kwa Bambo Murakoshi. "Achimwene, paja lero mukukwera? Asapite yekha mayiyu. Ndi wamakani, koma amamva mukakuwa."

"Ndimusiya pamwamba pomwepo akandivuta," anatero mkulu uja. "Mayi, lembani dzina m'buku la okwera, nthawi yonyamuka ndi yobwerera. Belu pachikwama. Tiyeni, dzuwa silidikira."

Jombo zinalowa ngati zopangira iwo. Ananyamuka, timabelu tikulira, Bambo Ikuo atatsala pakhomo la tenti ndi masilipasi a kuchimbudzi obwereka, akukupiza chipewa.

Ulendo wake, abale! Anadutsa m'tizitsamba tofiira ngati moto, n'kulowa m'dziko la miyala yokhayokha lopanda ndi udzu womwe. Fungo la utsi wa phiri, longa la mazira owola, linawalandira, mayiwo n'kumaseka kuti utsi umene ankausirira pazenera uja unali wonunkha chonchi. Pokhota paliponse pobisika Bambo Murakoshi ankaomba m'manja n'kukuwa kuti, "Tikudutsa, agogo!" kuti chimbalangondo chipatuke, ndipo posakhalitsa Mayi Nonaka anayamba kukuwa kuposa iwo. Bondo linkabaya, inde, koma walira mvula walira matope. Pamene mtima unkati bwerera, ankayang'ana pansi n'kuona zingwe za jombo za amuna awo, china chomangidwa mfundo pamene chinaduka, n'kuponyanso phazi.

Dzuwa lisanafike pamutu, njira inatha. Kunalibenso kokwera. Mphepo inkawomba ngati ifuna kuwachotsa chipewa, ndipo pansi patali panayalika minda, misewu, ndi tauni yawo yonse ngati mpunga womwazika pathebulo. Anaifunafuna sukulu mpaka anaona kadenga kobiriwira. Penapake pansi pa denga limenelo panali zenera. Analikupizira manja onse awiri, akuseka ndi kulira pamodzi. Kenaka anaponda mwala wa pansonga katatu, di! di! di!

"Kamodzi ndi kanga, kachiwiri n'ka anzanga a kukhichini. Kachitatu n'ka mwini jombo."

Kutsika kunawawa kuposa kukwera, ndipo anafika pamatenti dzuwa litapendeka, akutsimphina, atatsamira ndodo ya Bambo Murakoshi. Bambo Ikuo anali pomwe paja. Anali ataphika tiyi kutali ndi tenti monga mwa lamulo, makapu atatsuka, ndipo jombo yamasiye ija anali ataikumbatira pamiyendo tsiku lonse kuopa kuti wakuba angabwerere inzake.

"Mwaliponda?"

"Taliponda. Ine ndi inu."

Mayiwo anadzigwetsa pakhomo la tenti, miyendo ili kunja. Analibe mphamvu yowerama. Bambo Ikuo anagwada, anamasula zingwe, anavula jombo imodzi, kenaka inzake. Anazigogoda fumbi. Ndiyeno munthu amene chikwatiranecho sanaimikepo nsapato ndi imodzi yomwe anaziika pamodzi mosamala, n'kuzitembenuza, mphuno zikuloza kunja.

Mayi Nonaka anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Ayi, Bambo a Natsu," anatero. "Bweretsani muno. Ziikeni kumutu kwanga."

"Nsapato m'nyumba, Amake Natsu?"

"Zili ndi ulendo chaka chamawa. Ndikufuna ndidzakuoneni pazenera mukukwera."