Chiberekero cha Tiyamike

Ndinaganiza zopita kunja sitolo yomwe ndinkagwirako ntchito ku Limbe itatsekedwa. Ku Glasgow kunapezeka ntchito yosamalira okalamba, ndipo amayi anangoti, "Pita, koma ukakhazikika ukamuitane mng'ono wako." Ndinakhala ndekha m'kachipinda ku Springburn, dera lina la mumzindawo, kutumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, osakhala ndi woyankhula naye Chichewa kufikira Lamulungu. Mng'ono wanga Tiyamike atabwera kudzaphunzira, m'nyumbamo munayamba kumveka phwete.

Tsiku lina tikuchokera kutchalitchi anati mutu ukumuwawa, ndipo anagwa tikudikira basi. Kuchipatala anati mtsempha waphulika m'mutu. Patapita masiku anandiuza kuti ubongo wafa, akumupumitsa ndi makina.

Namwino wina anandikhazika pansi. Tiyamike anali atalembetsa kale kuti akadzamwalira, impso ndi chiwindi chake zidzathandize ena. Koma panali pempho lina, la chiberekero chake, lofuna chilolezo cha abale. Alipo akazi obadwa opanda chiberekero, anatero, ndipo madokotala amatha kuchotsa cha womwalira n'kuika mwa wamoyo kuti abereke.

Ndinaimbira amayi ku Ntcheu. Ndinawafotokozera za pempholo.

"Uli komweko ndiwe," anatero. "Chimene uchite, usadzauze munthu kuno."

Ndinavomera pempho la madokotala. Mpaka lero ndimakumbukira bedi lake likulowa m'chikepe, dzanja lake lidakali lofunda.

Anzathu a kumpingo anasonkha, ndinabwera nalo bokosi pa ndege. Kumudzi azimayi anaumirira kuti amuveke nsalu ya kwathu, ndipo anaona chilonda chosokedwa pamimba. Dzuwa lisanalowe nkhani inali ponseponse kuti ndagulitsa ziwalo za m'bale wanga. Amalume anandifunsa pagulu.

"Tatiuzani, mwatibweretsera mwana wathu yense kapena zotsala?"

Amayi, amene anandiletsa kuulula, anadzuka pamphasa.

"Achimwene, anandifunsa ine. Sanalandirepo kanthu. Chiberekero cha mwana wanga chili ndi mkazi wina amene analibe. Amene ali ndi mlandu abwere kwa ine."

Ena anakhulupirira, ena ayi. Alipo amene mpaka pano sandipatsa moni.

Titaika maliro, amayi anandiitanira kuseri kwa nyumba. Anafunsa ngati mwana wodzabadwayo adzakhale wathu. Ndinafotokoza kuti ayi, magazi adzakhala a makolo ake, ndipo mayiyo sitidzamudziwa ngakhale dzina. Anagwedeza mutu, koma sindikudziwa ngati anamva zonse.

"Chabwino. Koma ukabwerera ukauze madokotalawo amuuze. Ife kwathu mwana sachedwa, iweyo unabadwira panjira. Miyezi ikakwana asakhale kutali ndi chipatala."

Ndinkadziwa kuti mayiyo adzachira mwa opaleshoni, pa tsiku losankha madokotala. Ndinayang'ana amayi, maso otupa, akudikira yankho.

"Ndikawauza, amayi," ndinatero.