Nsungwi Zanga Ndinapha Ndekha

Ine sinditaya pepala, ndipo sindilola munthu kundipusitsa. N'chifukwa chake nkhani iyi imandiwawa mpaka lero.

Chaka china Apwitikizi asanachoke, nsungwi zanga za m'mbali mwa mtsinje zinatulutsa ngala ngati mapira, kenaka zonse zinauma. Mizu yake ndiyo inkagwira gombe la dimba langa, ndipo nkhokwe zanga ndinkalukira zomwezo. Ndinatsimikiza kuti alamu anga a Faustino, amene tinkakangana malire, anathirapo mchere. Ndinalemba dandaulo n'kukalipereka kwa shefi wa posito, mkulu wa boma ku Domwe. Kope lake ndikadali nalo.

Mvula itagwa, pansi pa nsungwi zouma zija panamera tiudzu tambirimbiri. Ine wodana ndi uve ndinatenga khasu n'kupala ponse, osasiyako ngakhale kamodzi. Kenaka ndinaona kuti nsungwi za a Faustino nazonso zinauma, koma iwo tiudzu tawo anatisiya. Tiudzu tija tinali ana a nsungwi! Nsungwi ikakalamba imabereka n'kufa, njere zake n'kumera.

"Alamu, zanu sizinamere?" anandifunsa tsiku lina.

"Zikanamera bwanji pa mchere wanu uja?" ndinayankha mokweza, chilungamo ndikuchidziwa.

Gombe lija madzi anadya pamodzi ndi mizere ya mbatatesi. Patapita zaka, nsungwi zawo zitakhwima, ndinapita chozolika kukapempha zolukira nkhokwe. Anandidulira okha mtolo waukulu, n'kundisenzetsa.

"Tengani, alamu," anatero. "Komatu tsiku lija munapalira bwino zedi. Ndinkakuonani ndili tsidya."