Mabuku a Anti Mervis Oyambira Kumapeto

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinachotsetsa mayi anga aang'ono pakhomo pathu ku Tottenham, mu London. Tinkawatchula Anti Mervis. Ankasamalira okalamba, shifiti ya usiku, ndiye ine ndikaweruka kusukulu tinkakhala awiriwiri m'fulati mpaka amayi atabwera kuchokera kuchipatala komwe ankagwira ntchito.

Tsiku lina m'nyengo yozizira, mdima utayamba kale cha m'ma folo, ndinamva anthu awiri akucheza m'chipinda cha Anti. Mawu ena anali awo. Enawo anali a mtsikana, achibwibwi pang'ono, ndipo akaseka ankakokera mpweya mkati ngati watsamwa. Ine chibadwire sindidutsa chitseko chosatsekedwa bwino, choncho ndinasuzumira. Munali Anti okha, atakhala pabedi, buku lili pamiyendo.

Atapita kuntchito ndinafufuza pansi pa matiresi. Mabuku analipo asanu, a nkhani za zithunzi, ochokera ku Japan. Zilembo zake zinkatsikira pansi, ndipo buku linkayambira kumene athu amathera. M'masamba onse munali atsikana awiri a yunifolomu, wina watsitsi lalitali wina lalifupi, akudyera limodzi padenga la sukulu, akubisala mu ambulera imodzi, kenako akutsanzikana pa siteshoni maluwa akuyoyoka. Anti Chijapani sankachidziwa n'pang'ono pomwe. Nanga ankawerenga chiyani?

Ku Sande sukulu tinali titamva kuti a satana amawerenga chobwerera m'mbuyo. Ndinachita mantha, koma ndisaname, ndinanyadiranso kuti ndatulukira chinthu chachikulu. Ndinauza amayi.

Mawa lake amayi anabwera msanga, n'kuima nane pakhomo la chipindacho asanavule n'jasi lomwe. Mawu achibwibwi aja anamveka: "Me-Mervis, udzandilembera kalata?" Amayi anandigwira phewa mpaka zikhadabo kundilowa. Dzanja lawo linali lozizira.

"Esinati," ananong'ona.

"Ndani, Mami?"

"Palibe. Pita ukalembe homuweki."

Loweruka kunabwera azimayi atatu a kutchalitchi kudzapemphera. Anayala mabuku patebulo akuwagwira ndi nsonga za zala. Wamkulu wa iwo anati, "Mervis, mumayankhula ndi ndani m'chipindamo? Nenani kuti mumasulidwe." Anti anayang'ana amayi, amayi n'kuyang'ana pansi.

"Ngati mukuti ndi ziwanda, ndi ziwanda," anatero Anti.

Mabuku anakatayidwa m'bini ya panja, mvula ikugwa. Pasanathe masabata awiri Anti anasamukira ku Peckham, dera lina la London. Anthu akwathu akakumana nawo m'basi ankakokera ana awo pafupi.

Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu pamene ndinalimba mtima kukawapepesa. Anandithirira tiyi, n'kundifotokozera mosathamanga. Esinati anali mnzawo wa ku sekondale yogonera ku Dedza, wina bedi lapamwamba wina lapansi, zaka zinayi. Esinati anakwatiwa atangolemba mayeso, ndipo anamwalira pobereka, pomwe Anti anali kale kuno, alibe mapepala oti n'kupita kumaliro n'kubwerera. Mabuku aja Anti anawapeza m'shopu ya zinthu zakale. Atatsegula anaona moyo wawo utajambulidwa ndi munthu wa dziko lakutali, yemwenso ankaoneka kuti akusowa masiku ake a kusukulu. Poti mawu sankatha kuwawerenga, anayamba kuikamo awo ndi a Esinati.

"Ndinkamukonda, Tadala. Osati ngati mnzanga chabe. Mayi ako ankadziwa."

"Bwanji simunanene, Anti?"

"Wa ziwanda amangomupempherera. Ndikananena zoona, foni ikanafika kumudzi tsiku lomwelo, n'kuipitsa dzina la munthu woti sangadziyankhire."

Ndinawafunsa ngati amathabe kuyankhula ngati Esinati. Anatseka maso, n'kutsegula pakamwa. Panatuluka mawu awo omwe, a mayi wachikulire wotopa ndi ntchito.

"Popanda zithunzi zija sabwera," anatero.

Sanandikalipire, ndipo zimenezo n'zimene zimandipweteka mpaka lero. Ndili mwana ndinkaganiza kuti ndikuwapulumutsa kwa munthu wakufa. Tsopano ndikudziwa kuti mu London monse, Anti anali ndi ola limodzi lokha madzulo lokhala ndi munthu wawo, ndipo amene anawalanda ndine.