Manda a pakapinga

Mkulu wa nyumba yoyang'anana ndi yathu muno mu Toledo satuluka kawirikawiri, ndipo moni wake ndi wongokweza dzanja. Koma chikondwerero cha Halowini chikayandikira amasanduka wina. Amazika matabwa pakapinga pake ngati miyala ya pamanda, n'kulembapo mayina oseketsa. Ana akagogoda atavala ngati mizukwa, amawadzazira maswiti m'zikwama uku akuti, "Idyani, kumanda kulibe maswiti."

Chaka chino ndinapitako ndi ana anga awiri dzuwa litangolowa. Delia, amene wangophunzira kumene kuwerenga, anaima pa thabwa latsopano.

"Amayi, apa alemba Loretta. Si agogo aakazi a nyumba ino?"

Ndinaseka n'kutembenukira mkulu uja. "Bambo, nthabwala imeneyi mayi akaiona mugona panja. Ali kuti kodi?"

"Tinawaika m'manda mu Malichi," anatero, akuthira maswiti m'chikwama cha mng'ono wake wa Delia. "Tinalipo ine ndi abusa."

Ndinafunsa kuti, "Osatiuza bwanji, ife tili pompano?"

Anayang'ana nyumba yathu, kenako ine.

"Ndimadikira kuti mugogode, mayi. Paja mumagogoda lero lokha."