Kukagona kwa Boyi

Tinanyamuka pa Katuli Loweruka kusanache bwino, ine ndi ababa, pa lole ya fodya yopita ku boma ku Mangochi. Dalaivala anatidula 60 tambala aliyense. Ababa anakhala pa belo la fodya atavala jekete yawo ya kutchalitchi ndi tayi yemwe. Ine ndinali nditafufuma, sindibisa. Mphunzitsi wathunthu kutaya Loweruka lake kukasaka mzukwa!

Nkhaniyi inabwera ndi wogulitsa usipa. Akuti m'nyumba yakale ya mzungu wogula thonje kufupi ndi Nkope, imene pano amagonekamo alendo, muli mzukwa. M'bandakucha mumamveka mawu akuti, "Boyi!" Anthu ena amachita kulipira kuti akadzimvere okha. Ababa anali khukhi m'nyumbamo kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitayamba, ndipo mzunguyo, amene ankawaitana kuti Boyi, anatsirizika ali m'manja mwawo. Atamva za mzukwazo anandiitana.

"Agnesi, undiperekeze. Ndikufuna aitane ine ndili gone pabedi pake, ndisadzuke. Kamodzi kokha ndisanafe."

Ndikanakana bwanji? Chimwalirire amayi, ababa anali asanandipemphepo kanthu.

Pa Mangochi tinafika cha m'ma teni, fumbi mpaka m'makutu. Pachipata cha depoti anyamata a malaya ofiira ankafunsa makhadi a chipani. Ababa anatulutsa atatu: yawo, yanga, ndi ina ya chaka chatha. "Iyi ndi ya mwina," anatero, mnyamatayo mpaka kumwetulira. Tinadya mpunga wa nyemba wa 35 tambala m'kalesitilanti kena ka kumsika. Ababa anamaliza mbale yonse, kenako n'kumuuza mwini wake kuti mpunga savundula ukayamba kuuma. Ndinafuna kulowa pansi.

Basi ya ku Monkey Bay inanyamuka wani koloko, 50 tambala mpaka pa mphambano ya Nkope. Mayi wina amene anafungata dengu la nkhuku anafunsa komwe tinkapita. Nditafotokoza anagwira pakamwa.

"Mukagona kwa Boyi? Kalanga ine! Ndi agogowa?"

"Kwa ndani?" anafunsa ababa.

"Kwa Boyi. Ndi mmene timaitchulira nyumbayo. Dzina la mzunguyo ndani akulidziwa?"

Ababa anaseka mpaka kutsokomola. "Wamva, Agnesi? Tikupita kwanga."

Kuchoka pamsewu tinayenda pansi theka la ola, kudutsa m'milambe. Nyumbayo ndi ya njerwa, malata adzimbiri, khonde lozungulira. Titalowa pabwalo ndinaona ababa akukhotera kuseri, kukhomo la kukhitchini. Ndinawakoka jekete.

"Ababa, alendo amadzera kumaso."

"Ndimangoona ngati mandimu aja alipo," anandinamiza.

Woyang'anira nyumbayo, Che Ajibu, anatilandira ndi manja awiri. Chipinda chinali K2. Anatisonyeza cha mzunguyo, bedi lachitsulo likadali pomwepo.

"Wallahi, ine ndinamumva katatu," anatero. "Akaitana musayankhe, achekulu."

"Ndabwerera zomwezo," anatero ababa.

Anakhala m'mphepete penipeni mwa bedi, chipewa chili pamaondo. Bedilo analiyala zaka zonsezo osalikhalirapo. Mtima unandiwawa kuwaona choncho. Ndinawavula nsapato ndekha n'kuwakweza miyendo.

Ine ndinagona m'chipinda china chapafupi. Ndinapemphera kawiri, Chichewa ndi Chingerezi, poti mzukwawo ndi wachizungu. Ndinamva mileme kudenga, kenako tulo ta kutopa ndi lole tinandigwira osamvanso kanthu.

Nditadzidzimuka kunja kunali kutayera. Ndinathamangira kwa ababa. Bedi linali loyalidwa bwinobwino, ngodya zopindidwa, koma iwo mulibe. Ndinawapeza pakhonde ataima, tayi ili m'khosi, patebulo pali thileyi.

"Anaitana?"

"Anaitana."

"Ndiye?"

Anayang'ana pansi. "Ndinadziuza kuti Barnaba, gona. Koma ndimazindikira ndili kukhitchini, moto nditakoleza kale. Miyendoyi sinandifunse, mwanawe."

Sindikudziwa ngati anamvadi mawu kapena anali m'mutu mwawo. Chimene ndinaona ndi nkhalamba imene yayenda tsiku lonse kudzakana, n'kulephera. Misozi inalengeza m'maso mwanga. Ndinkaganiza kuti mzukwa umakhala m'nyumba, osadziwa kuti wina ababa amayenda nawo m'mafupa.

Iwo anayang'ana thileyi ija. Panali makapu awiri, mwachizolowezi, ya bwana ndi ya dona. Kenako anakoka mpando wamanja n'kuupukuta ndi mpango.

"Khala apa."

"Ababa, ine ndithire."

"Khala, iwe!"

Ndinakhala. Chibadwire bambo anga anali asanandithirirepo tiyi. Ankachoka tili m'tulo, kubwera tili m'tulo, ife kumangomva fungo la sikono pa malaya awo. Anandithirira bwinobwino, osadontheza, shuga masipuni awiri. Anadzithiriranso, n'kukhala pampando winawo, msana kutsamira ndithu.

Che Ajibu anatulukira akuchokera kumzikiti. "Achekulu, bwanji? Anakuitanani?"

Ababa anapsontha tiyi, osafulumira.

"Akaitananso mumuuze adikire," anatero. "Ndili ndi mwana wanga."