Makoswe oyera ndi mphini

Ndinkasamala makoswe oyera pamalo ena ofufuzira matenda m'tauni. Kutsuka tikhola, kuthira madzi, kuchotsa akufa. Akuluakulu a pamenepo ankawabaya jakisoni mobwerezabwereza kuti adwale mutu waching'alang'ala, wosatherapo uja. Kenako ankawakhudza kuphazi ndi kachingwe kopyapyala ngati tsitsi. Khoswe wabwinobwino salabada. Wobayidwa ankabweza phazi ngati waponda khala la moto. Ankatsinzina, n'kukaunjikana pakona popanda kuwala. Ine ndinkangoona.

Mkazi wanga ali ndi mutu womwewo. Ukamugwira amatseka makatani n'kugona pasimenti. Chipeso sachifuna, ngakhale duku limamuwawa. Kombi ikaliza hutala pamsewu, amasanza. Mapilisi a kukiliniki anali atasiya kugwira.

Chaka china apongozi anga, mayi ake, anabwera ku Dzivarasekwa, komwe timakhala, kuchokera ku Tete. Anatenga lezala ndi mankhwala akuda m'kabotolo. Anati mwana wawo atemedwe mphini m'mbali mwa mutu, magazi oipa atuluke.

Kwathu mkamwini salankhula ndi apongozi maso ndi maso. Ndinakhala panja pakhonde, iwo m'nyumba, mawu akudzera mwa mlamu wanga, mng'ono wake wa mkazi wanga. Ndinati munthu amene tsitsi lokha likumupweteka sangapirire lezala, ndaziona pa makoswe kuntchito. Mlamu anakafewetsa mawuwo. Anakanena kuti bambo akuti mwina tidikire kaye. Ndinamumva, khoma lathu ndi lopyapyala. Komabe za makoswe anazitchula.

Apongozi anaseka. "Afunseni akamwiniwo, makoswe awowo anachirapo?"

Sanachirepo. Kafukufuku akatha ankaphedwa, ine n'kuwanyamula m'thumba.

M'mawa ndinagwada pafupi ndi mkazi wanga, ndinamupempha kuti akane. Anayankha osatsegula maso.

"Nanga inu bambo muli ndi china choti mundipatse?"

Ndinalibe. Ndinapita kukakwera kombi ya kuntchito.

Madzulo ndinamupeza ali ndi mabala mbali zonse ziwiri za mutu, opakidwa zakuda zija. Mlamu anati analira mpaka a nyumba yoyandikana nayo anabwera kudzafunsa ngati kwagwa zovuta. Lezala inali pawindo, yosatsuka. Ndinakaitaya kuchimbudzi.

Apongozi anabwerera kwawo mtima uli m'malo. Mabala anapola bwino. Mwezi usanathe mutu unabweranso, ndipo masiku ano umayambira pamphini pomwepo.